Mbuzi, Arduino ndi kutentha kwa ku Ngabu: tithandizeni maganizo

Madam Esnart: Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna anthu odziwa za mawaya andithandize. Kalabu yathu ya sayansi kuno ku Ngabu yalandira Arduino Uno imodzi ndi Raspberry Pi imodzi, tikompyuta ting'onoting'ono ta pa kabolodi toyendetsera makina, kuchokera kwa mnyamata wina amene anaphunzira pasukulu pathu pano kale, nde ana a fomu 3 akuti akufuna apange kafukufuku wa mbuzi. Funso lawo ndi loti kodi mbuzi ingaphunzire kuti ikagunda ndi mphuno bolodi la mtanda ipeza chakudya koma ikagunda la chizindikiro chozungulira sipeza kanthu, nanga zingaitengere masiku angati. Ine biology ndimaitha koma tikompyuta timeneti tidakali m'katoni momwemo. Tiyambire pati?

Yobu: kkkkkk a Madam mwayamba kulemba mbuzi sukulu? fizi yake ndi zingati, ndili nazo zitatu kuno ku Dyeratu zosamva ngakhale pang'ono

Madam Esnart: Zanuzo a Yobu zidikire selection

Lameck: A Madam choyamba musalumikize chilichonse ku Pi ija musanandiuze. Uno imagwira ndi 5V pomwe mapini a Pi ndi a 3.3V, mukangokoka waya kuchoka pa pini ya Uno kupita pa pini ya Pi mutha kuiwotcha pomwepo. Ziwirizi zizilankhulana kudzera pa kebulo ya USB basi. Zambiri ndilemba ndikaweruka, ndili pa shifiti kuno ku Nchalo

Tiyamike: A Madam mwandisangalatsa heavy, zimene ana anuwo aganiza ndi ntchito yomwe ndimagwira mu labu kuno, kungoti ife timachita ndi mbewa osati mbuzi. Nzeru yake ndi yakale. B. F. Skinner ali ku Harvard cha m'ma 1930 anapanga bokosi loikamo khoswe, mkatimo muli kachitsulo koti khosweyo akakadinikiza kambulu ka chakudya kamagwera m'kambale. Kenako anayambanso nkhunda, izo zimajompha kabatani. Chomwe ankafuna nchoti munthu achokepo, makina okha aziwerenga komanso azipereka chakudyacho. Nthawi imeneyo kompyuta kunalibe nde ankagwiritsa ntchito ma relay (maswichi odinidwa ndi magetsi) ambirimbiri olumikizana ndi mawaya, zotsatira zinkalembedwa ndi cholembera papepala loyenda pang'onopang'ono, khoswe akadinikiza cholemberacho chimakwera pang'ono, nde ukangoona kutsetsereka kwa mzerewo umadziwa kuti akudinikiza mwachangu bwanji. Ukafuna kusintha lamulo, mwachitsanzo chakudya chizigwa akadinikiza kakhumi osati kamodzi, umayenera kumasula mawaya nkulumikizanso. Makompyuta ang'ono analowa m'malabu m'ma 1960, LINC inatuluka 1962, PDP-8 mu 1965 pa mtengo wa cha m'ma 18,000 dollars. Arduino inayamba 2005 ku Ivrea ku Italy, Pi 2012 ku UK, ndipo lero malabu ambiri akuyendetsa mabokosi awo ndi timabolodi tomwe muli nato m'katonimo

Gift: Koma ine ndifunse mosanyoza. Mwana mmodzi atagwira stopwatch ya pafoni wina kope wina mbale ya chimanga, sizitheka? Chifukwa chani tivutike ndi mawaya kuno magetsi ake ovutawa

Tiyamike: Achimwene funso lanu ndi lomwe limafunsidwa kwambiri, ndipo yankho lake ndi hatchi ina ya ku Berlin dzina lake Hans. Mwini wake Wilhelm von Osten ankanena kuti imatha masamu, ukaifunsa 3 kuphatikiza 4 imaponda pansi ka 7. Oskar Pfungst atafufuza anatulutsa zotsatira mu 1907 zosonyeza kuti hatchiyo imangoyang'ana thupi ndi nkhope ya wofunsa, munthu amamasuka pang'ono osadziwa ikafika pa nambala yolondola nde iyo imasiya kuponda. Wofunsa akakhala kuti yankho sakulidziwa, kapena hatchi sikumuona, imalephera. Palibe ankanama dala, thupi lokha limaulula. Nde mwana wa fomu 3 amene akufunitsitsa mbuzi yake ikhoze, atanyamula mbale, maso ake ali pa bolodi lolondola, mukuganiza mbuzi iphunzira mtanda kapena iphunzira mwanayo? Chachiwiri ndi nthawi. Chakudya chikachedwa masekondi angapo nyama sidziwa kuti yalipidwa chifukwa cha chani, mwina pofika nthawiyo yatembenuka kale kapena yaponda pansi nde iyesa kuti malipirowo ndi a zimenezo. Makina amagwetsa chimanga pasanathe sekondi, ulendo uliwonse mofanana, satopa komanso alibe mbuzi yokondedwa

Bambo Jusa: Mwana wanga walankhula zoona pa nkhani yoyang'ana munthu. Ine ndaweta mbuzi kuno ku Bangula kuyambira ndili mnyamata, mbuzi imadziwa amene amaipatsa madeya ndi amene amaigenda, imayang'ana manja ako usanatsegule nkomwe thumba. Koma ndikuchenjezeni aphunzitsi, mbuzi mukaichotsa pagulu nkuitsekera yokha singaphunzire kanthu, ingolira nkumafuna potulukira. Inzake izikhala pafupi poti ziziwonana kapena kumvana. Ndipo musaike ziwiri pa bolodi limodzi chifukwa yamphamvu idzagunda inzake nkudya zonse

Madam Esnart: A Jusa zimenezi sitinaziganize nkomwe, zikomo kwambiri. Nde tipange kakhola kogawa pakati ndi mesh waya?

Bambo Jusa: Eya, yoyesedwayo mbali iyi inzake mbali inayo. Koma bolodi likhale poti yodikirayo isamaone bwino zomwe inzake ikusankha

Lameck: Ndaweruka. Nde tiyeni tiyambe ndi chomwe chizimva kuti mbuzi yagunda. Anthu ambiri amathamangira PIR sensa zija zoyera zozungulira za ma security light chifukwa nzotchipa, kuno musayerekeze. PIR imaona kusiyana kwa kutentha pakati pa thupi ndi malo ozungulira, thupi la mbuzi ndi cha m'ma 39 digiri, nanga ku Ngabu Okutobala ndi Novembala masana timadutsa 40 nde sensayo iona chani? Imangokhala duu kapena imayaka yokha mphepo yotentha ikadutsa. Komanso PIR singakuuzeni kuti mphuno yagunda kumanja kapena kumanzere. Za infrared beam zimasokonezeka ndi dzuwa komanso fumbi lathuli. Ine ndikuti micro switch, zija zokhala ndi kachitsulo kopindika, ziwiri, iliyonse kuseri kwa kathabwa kokhala pa hinji. Mbuzi ikakankha kathabwako swichi imadina. Zosavuta, zikawonongeka mwana aliyense atha kusintha

Tiyamike: Ndikugwirizana nazo. Mungowonjezera debounce mu pulogalamu

Madam Esnart: Tiya ndiwe mwana wanga koma ukayamba zimenezi ndikutulutsa m'kalasi kkkk, fotokoza

Tiyamike: kkkk pepani a Madam. Swichi ikadinidwa timazitsulo take sitigwirana kamodzi nkukhazikika, timanjanja kwa timilisekondi tingapo, gwira siya gwira siya. Munthu sangaone koma Uno imathamanga pa 16 MHz nde imawerenga zonsezo, mbuzi yagunda kamodzi iyo ilemba kasanu. Nde umaiuza kuti ikamva kudina koyamba isamverenso kwa mamilisekondi 50. Kuwonjezera apo mbuzi ikasankha, molondola kaya molakwa, bolodi lonse lizikhala lakufa kwa masekondi 10 kapena 15 ulendo wina usanayambe, apo ayi idzangogunda uku ndi uku mpaka chimanga chigwe ndipo sidzaphunzira chizindikiro. China, ana asagwiritse ntchito delay(), lamulo loimitsa pulogalamu kwa kanthawi, powerenga nthawi chifukwa ikakhala mu delay Arduino imagontha, swichi idinidwe simva. Agwiritse millis(), imawerenga mamilisekondi kuchokera pomwe yayatsidwa, imabwerera pa ziro patatha masiku pafupifupi 50 nde kwa inu palibe vuto

Lameck: Chogwetsa chakudya ndaganiza paipi ya PVC yoimika, pansi pake kachitseko koyendetsedwa ndi servo, kamota kakang'ono kotembenuka kufika pomwe mwakauza. Koma servo isatenge moto kuchokera pa pini ya 5V ya Uno, ikamayamba kuyenda imakoka moto wambiri mwadzidzidzi nde Uno imazima nkuyakanso yokha, mupeza kafukufuku wayambiranso pa ziro mbuzi ili pakati posankha. Ipatseni moto wakewake kungolumikiza ground (waya wa negative) pamodzi. Mukasankha solenoid (koyilo ya waya yokoka kachitsulo ikalandira moto) m'malo mwa servo nde pafunika transistor kapena relay ndi diode ngati 1N4007 yopingasa pa koyilo, popanda iyo koyilo ikamazima imabweza moto wowotcha zinthu. Madeya musaike m'paipimo amagwirana nkutseka, bola chimanga chamaso chouma bwino

Bambo Jusa: Chimanga chikhale chochepa chonde. Mbuzi ikadya chimanga chambiri nthawi imodzi mimba imasasa nkutupa, ena zinawaferapo itathyola nkhokwe. Maso anayi kapena asanu pa ulendo, maulendo 20 patsiku, ndi kadzanja kamodzi basi, pamenepo palibe vuto. Ikanakhala nkhani yongokopa mbuzi ndikanati nyemba za msangu kapena masau chifukwa imazikonda koopsa, koma sizingatsike bwino m'paipi

Yobu: nde mawayawo idzawasiya? ya ine inadya chaja ya foni mpaka pa pulagi

Lameck: Apa Yobu walankhula zanzeru kamodzi pachaka. Waya aliyense adutse m'kondyuti kuseri kwa thabwa, mbali ya mbuzi pasaoneke kanthu kupatula timathabwa tiwiri ndi kambale. Bokosi la ma electronics litsekedwe bwino chifukwa nyerere zikanunkhiza chimanga zidzamanga mudzi pa Arduino, koma musalimate zedi lisowe mpweya

Madam Esnart: Ana anati mwina tigwiritse ntchito mitundu, chofiira ndi chobiriwira, akuti zikongola pa chionetsero

Tiyamike: Ayi a Madam asatero. Ife m'maso mwathu muli mitundu itatu ya ma cone, timaselo toona mitundu, mbuzi ili ndi iwiri, nde chofiira ndi chobiriwira sizisiyana bwino kwa iyo. Ikhoza kulephera osati chifukwa chopusa koma chifukwa mwaifunsa zomwe siziona, kapena ikhoza kukhoza pongoona kuti china nchowala kuposa chinzake. Mtanda ndi chozungulira zakuda pa pepala loyera zili bwino, zikuluzikulu, inki yake ikhale yochuluka mofanana. Koma pali vuto lalikulu lomwe sitinalikambe. Mtanda ukamakhala kumanja nthawi zonse mbuzi siphunzira mtanda, iphunzira kumanja. Zizindikirozi zizisinthana mbali mosadziwika, ndipo mbali imodzi isapitirire katatu motsatizana. Nde funso ndi loti azisintha ndani munthu tamuchotsapo kale

Gift: Apo nde mwagwidwa, mwana abwereranso kkkk

Lameck: Sanagwidwe. Dulani plywood yozungulira, mtanda mbali iyi chozungulira mbali inayo, muibaye pakati pa servo yachiwiri. Servo imazungulira madigiri 180 nde ikatembenuka zasinthana, ndipo mwayi wake mtanda ndi chozungulira ngakhale zitadodolika zimaoneka chimodzimodzi. Kutsogolo kuike perspex, pulasitiki yoonekera ija, yokhala ndi mawindo awiri kuti mbuzi isanyambite pepala

Tiyamike: Achimwene iyi nde nzeru, ndaikonda. Kungoti servo imalira ikamayenda. Ikamalira pokhapokha pomwe zasinthana, mbuzi iphunzira kuti ndikamva phokoso ndisinthe mbali ndikapanda kumva ndibwerere pomwe paja, ikhoza mayeso onse osayang'ana chizindikiro nkomwe. Nde ulendo uliwonse servo iziyamba yapita pakati pa madigiri 90 kenako nkupita komwe ikufunika, kaya ndi mbali yomweyo kaya ina, phokoso lizifanana. Fungonso chimodzimodzi, nchifukwa chake kambale kakhale kamodzi pakati osati kambale kumbali iliyonse. Nyama imatenga njira yachidule iliyonse yomwe mwaisiyira, ntchito yambiri mu labu imathera potseka timipata timeneti

Madam Esnart: Eish. Zimenezi ndikawafotokozera mawa lomwe, ndi phunziro la control of variables lomwe amalivutikira pa mayeso

Tiyamike: China chaching'ono, random() ya Arduino, yosankhira manambala mwamwayi, imatulutsa mndandanda womwewo ulendo uliwonse ikayatsidwa pokhapokha mutaipatsa randomSeed, ambiri amawerenga pini ya analog yosalumikizidwa kuti apeze nambala yoyambira. Koma ine ndikanakonda ana alembe okha mindandanda ingapo ya kumanja kumanzere, 10 uku 10 uku, nkuiika mu pulogalamu, azimvetsa chomwe chikuchitika

Gift: Ine ndikadali ndi nkhawa yanga. Kuno madzi osefukira atisautsa, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, anthu mpaka pano sanabwerere mwakale. Ana asukulu atapanga sensa yoyeza madzi mu mtsinje kapena yothirira dimba bwenzi tikuti zathandiza. Mbuzi yodziwa mtanda itipindulira chani

Madam Esnart: A Gift sindikukana, ndipo sensa ya madzi mwina ndi ya chaka chamawa chifukwa Arduino yake ndi yomweyi. Koma anawa asankha okha mbuzi, aliyense kwawo kuli khola, ndipo ndikufuna aphunzire kufunsa funso nkuliyesa mosadzinamiza. Mwana amene wamvetsa chifukwa chomwe servo ikuyenera kulira ulendo uliwonse sadzanamizidwa ndi wogulitsa mankhwala a mbewu pa msika

Tiyamike: Komanso achimwene musaiderere sayansi imeneyi. Mukudziwa APOPO? Inayamba 1997, likulu lophunzitsira lili ku Morogoro ku Tanzania pa Sokoine University of Agriculture. Amaphunzitsa abwampini, omwewa timawadziwa kuno, kununkhiza mabomba okwirira pansi komanso TB m'makhololo. Njira yake ndi yomweyi, bwampini akalondola amamva kaphokoso ka clicker nkulandira nthochi. Ndi wopepuka nde saphulitsa bomba. Anagwira ntchito ku Mozambique mpaka dzikolo linalengeza mu 2015 kuti lachotsa mabomba onse odziwika, ndipo wina dzina lake Magawa analandira mendulo ya golide ya PDSA, bungwe losamalira nyama la ku UK, mu 2020 chifukwa cha ntchito ya ku Cambodia

Bambo Jusa: Za mabombazo ife a kuno sitichita kumva. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique m'ma 80 muja anthu anadzaza Nsanje yonse, ena abale athu enieni a tsidya lino ndi linalo, ndipo nkhondo itatha ambiri ankaopa kubwerera kuminda kwawo chifukwa cha zokwiriridwazo. Kumva kuti bwampini anathandiza nawo ndadabwa ndithu

Yobu: bwampini wa mendulo kkkkk kuno akanathera mu poto ndi tomato

Gift: Chabwino ndagonja theka. Koma chaka chamawa sensa ya madzi a Madam, ndasunga uthengawu

Madam Esnart: Sungani. Tiya, alipo anayesapo mbuzi zenizeni kapena tikhala oyamba kuchita manyazi?

Tiyamike: Alipo. Ku England Elodie Briefer ndi Alan McElligott ndi anzawo anatulutsa kafukufuku mu 2014, anapatsa mbuzi 12 bokosi loti uyambe wakoka kachitsulo kenako nkukakweza kuti chakudya chigwe, 9 zinaphunzira ndipo patatha miyezi 10 zinkakumbukirabe. Ku Germany ku Dummerstorf Jan Langbein wakhala akuyesa mbuzi zing'onozing'ono zija ndi makina a kompyuta oonetsa zizindikiro pa sikirini, mbuzi imadina batani ndi mphuno, ikalondola imalandira madzi pang'ono. Nde zoti mbuzi imatha kusiyanitsa zizindikiro nzodziwika, chomwe ana anu angawonjezere ndi mbuzi zathu zakuno zoyenda zokha m'tchire, komanso kufananiza zazing'ono ndi zazikulu

Bambo Jusa: Zamadzizo zikhale za ku Germany komweko. Kuno simungamane mbuzi madzi kuti ikhale ndi ludzu la mayeso, dzuwa la ku Ngabu lingaiphe. Ndowa ya madzi ikhale m'kholamo nthawi zonse. Ndi chakudyanso musaigoneke ndi njala, mungoiyesa m'mamawa isanapite kukadya, 6 koloko kusanatenthe, iyo yokha imakhala ndi chilakolako. Ikatopa nkuchokapo isiyeni, osaikoka chingwe

Tiyamike: Ndikugwirizana nanu kwathunthu bambo, ndipo tsiku lomwe yakana lilembedwenso, ndi data imeneyo. Ku labu kwathu kuno sitingayambe kalikonse ndi nyama popanda chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa nyama. A Madam inu bola mulembe papepala zomwe muchite, ahedi asayine, eni mbuzi avomere, ndipo alangizi a ziweto a m'dera lanu aione kaye mbuzi iliyonse

Lameck: Tibwerere ku mawaya. Ine maganizo anga Pi ija isiyeni m'katoni. Gulani kamodyu ka SD card ndi ka wotchi ka DS3231 muike pa Uno, izilemba yokha tsiku, nthawi, nambala ya mbuzi, mbali yomwe kunali mtanda, mbali yomwe yagunda, ndi mamilisekondi omwe yatenga. Pi imadya moto wambiri, magetsi akangothima ili pakati polemba memory card imatha kuwonongeka yonse, komanso ambiri mwa ma Pi alibe wotchi ya batire amadalira intaneti kuti adziwe nthawi, nde kukhola kopanda netiweki mupeza ma file a deti lolakwika. Ikatentha kufika cha m'ma 80 digiri imadzichepetsa liwiro yokha, nanga m'bokosi lotseka pansi pa malata ku Ngabu

Tiyamike: Pa nkhani yowerenga nthawi ndikuvomera, Pi imayendetsa Linux yomwe imachita zinthu zambiri nthawi imodzi nde itha kuchedwa pang'ono mosadziwika, nchifukwa chake ngakhale makina ngati Bpod ndi pyControl omwe malabu amagwiritsa ntchito amasiya ntchito ya nthawi kwa microcontroller, kabolodi kangati Uno, kompyuta yaikulu imangosunga ndi kuonetsa. Koma Pi musaitaye, tikufuna kamera. Manambala adzakuuzani kuti mbuzi yagunda kumanzere ka 20, sadzakuuzani kuti imagunda ndi nyanga ikudzikanda, kapena kuti nkhuku inalowa nkudya chimanga. Popanda video simungadziwe

Lameck: Foni yakale singajambule?

Tiyamike: Ingajambule bwinobwino, ndipo mwina nkusavuta kuposa. Chofunika nchoti pakhale ka LED kolumikizidwa ku Uno kobisika kwa mbuzi koma kooneka pa kamera, kaziyaka ulendo ukamayamba, nde mutha kugwirizanitsa video ndi zomwe zili pa card. Koma poti Pi ilipo kale ndipo ana akufuna aphunzire Python, ikhoza kukhala ku staff room yojambulira ma graph madzulo

Lameck: Apo tagwirizana. Uno kukhola, Pi kumthunzi. Moto wake batire la 12V la sola ndi buck converter yotsitsa kufika 5V, osadalira za pakhoma, nde kuthima kwa magetsi sikutikhudza. Pulogalamu izitseka file ikatha kulemba mzere uliwonse kuti waya akagwedezeka mutaye mzere umodzi osati tsiku lonse

Madam Esnart: Nanga tidzadziwa bwanji kuti yaphunzira osati yangochita mwayi? Ana adzandifunsa zimenezi

Tiyamike: Zosankha ndi ziwiri nde yongolota imakhoza theka, 10 pa 20. Kukhoza 12 kapena 13 sikunena kanthu. Kukhoza 15 kapena kuposa pa 20 mwamwayi chabe kumachitika pafupifupi kamodzi pa 50, nde mugwirizane musanayambe kuti yaphunzira ndi yomwe yafika 15 masiku awiri otsatizana, mulembe pa bolodi m'kalasi, osadzasintha mutaona zotsatira. Ndipo musayambe ndi zizindikiro tsiku loyamba. Poyamba izolowere khola ndi phokoso la servo, kenako idziwe kuti phokoso la paipi ndi chimanga, kenako kugunda kathabwa kalikonse kuzilipira, mwina muyambe mwapaka timadeya pa kathabwapo kuti iyandikize mphuno. Zikatheka izi nde mtanda ndi chozungulira zilowe. Theka la mbuzi zizilipidwa pa mtanda theka linalo pa chozungulira, mwina pali chomwe zimangochikonda mwachibadwa

Madam Esnart: Theka la mbuzi? ife timaganiza imodzi ya a watchman

Tiyamike: kkkk imodzi ikuuzani za mbuzi ya a watchman basi. Bola 6, zikatheka 8. Zozindikirira mbuzi zokha za RFID, timatagi towerengedwa ndi makina, zilipo, za ziweto zimakhala za 134.2 kHz, koma nzodula komanso simukuzifuna, mwana azingodina batani kulowetsa nambala ya mbuzi asanachokepo, nkupita kukakhala kuseri kwa kalasi mpaka buzzer ilire kuti zatha

Bambo Jusa: Musatenge tonde, adzangonunkhiza zazikazi mayeso osalemba. Musatengenso ya bere lalikulu kapena yoyamwitsa kamwana kakang'ono. Misoti ndi mitheno ndi yabwino. Ndipo zikhale za khola limodzi kapena awiri oyandikana, kusonkhanitsa mbuzi za m'midzi yosiyanasiyana nkuitana matenda, mwini wake adzakutengerani kwa amfumu

Yobu: nde tonde ndi chimodzimodzi anyamata a fomu 3 kkkkk

Madam Esnart: A Yobu ndikuchotsani pagulu. A Jusa pali kholo lina kuseri kwa sukulu lili ndi mbuzi zoposa 10, ndikalankhula nalo Lachinayi. Mwina kakhola koyeserako timange kwawo komweko pansi pa mtengo kuti mbuzi zisamayende mtunda, ana azipita m'mamawa asanalowe m'kalasi

Bambo Jusa: Mwaganiza bwino. Mukamuuze kuti chimanga ndi chanu, asadzaganize kuti mukutapa m'nkhokwe mwake

Lameck: Ine Loweruka ndili off nditha kukwera minibasi kubwera ndi soldering iron, ma micro switch awiri, buck converter ndi servo imodzi yomwe ndili nayo. A Madam inu mupeze plywood, mahinji awiri, paipi ya PVC mita imodzi ndi kondyuti. Tiya utumize pulogalamu yoyambira isanafike Lachisanu koma usailembe yonse, usiye mipata ana adzaze okha

Tiyamike: Nditumiza Lachinayi usiku, ma comment ndilemba m'Chichewa. Gawo la debounce ndi la mndandanda wa mbali ndisiya dala

Lameck: Chatsala ndi servo yachiwiri yamphamvu pang'ono yotembenuza plywood, ya magiya achitsulo ngati MG996R, timapulasitiki tating'ono tija sitingalimbe. Komanso DS3231 ndi kamodyu ka SD. Kuno sindinazionepo, alipo akutsika kuchokera ku Blantyre sabata ino?

Gift: Ine ndikukwera Lachitatu kukagula katundu wa shopu, ndibwerera Lachisanu. Munditumizire zithunzi zake ndi mayina olembedwa bwino, ndidzazisiya pa Nchalo podutsa. Ndalama a Madam mudzandibwezera ndi risiti

Madam Esnart: Takhuta a Gift. Mukafunse mtengo kaye mundiimbire musanagule, thumba la kalabu ndi lopyapyala